Masiku khumi m'matenti ku Iceland, dziko la pa zikwangwani za kwathu

Dzina loti Iceland ndinayamba kuliwerenga ndili kamtsikana ku Monkey Bay. Linali pa chikwangwani cha pachipatala, kenako linadzaonekanso pa mijigo ndi pa midadada ya sukulu m'midzi ya ku Mangochi. Dziko limeneli linayamba kugwira ntchito ndi Malawi mu 1989, ndipo linayambira ku nkhani za usodzi. N'chifukwa chake bambo anga, omwe moyo wawo wonse wathera pa bwato ndi chilimira, amalitchula ngati akutchula mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Ine m'mutu mwanga ndinkaona dziko lalikulu, la anthu mamiliyoni ambirimbiri, la ndalama zosowa pozisunga.

Pano ndimagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ku England. Ndinasunga ndalama kwa chaka ndi theka, ndinapeza viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo mu Juni ndinakwera ndege ku Manchester. Maola atatu asanakwane tinali titatera ku Keflavík. Za mahotela ndinazisiya dala, chifukwa kumeneko zinthu n'zodula kwambiri, komanso ndinkafuna kuliponda dzikolo ndi mapazi, osati kuliona pa zenera. Ndinalembetsa ulendo wa pagulu wogona m'matenti: anthu 14, minibasi imodzi yokoka ngolo ya katundu, ndi mtsogoleri wa komweko yemwe analinso dalaivala wathu. Cholinga chinali kuzungulira chilumba chonse pa msewu waukulu wotchedwa Route 1, womwe ndi wopitirira makilomita 1,300.

Mtsogoleriyo anali bambo wamfupi, wa ndevu zaimvi, wosachulutsa gaga m'diwa. Tisananyamuke anamata pepala pachitseko cha ngolo. Panali mayina athu m'magulu a anthu atatuatatu kapena anayi: lero awa aphika, awa atsuka mbale, awa apakira katundu. Palibe mlendo, palibe wantchito. Zimenezi zinandisangalatsa msanga, chifukwa ndi mmene timachitira pa zinkhoswe ndi pa maliro kwathu. Munthu umamudziwa bwino mukamasenda mbatata limodzi.

Tsiku loyamba linali la malo odziwika aja omwe aliyense amawajambula. Ku Þingvellir tinayenda mumng'alu waukulu wa miyala, pomwe nthaka ya ku America ndi ya ku Ulaya zikutalikirana pafupifupi masentimita awiri pa chaka. Pamalo omwewo ndi pomwe anthu a kumeneko anayambitsa bwalo lawo la malamulo, Alþingi, m'chaka cha 930. Tinaima pa kasupe wa Strokkur kudikira kuti alavule madzi owira m'mwamba, ndipo amaterodi mphindi zochepa zilizonse. Tinaonanso mathithi a Gullfoss. Zonsezi n'zokongola, koma anthu anali piringupiringu ngati pamsika, ndipo mtima wanga unali usanakhazikike.

Dzikolo ndinayamba kulimva usiku woyamba, pomanga tenti. Gulu ngati lathu silingagone paliponse pomwe lafuna; mumagona pa malo ovomerezeka, pomwe pali zimbudzi, mabafa ndi kanyumba kophikiramo. Tinafika cha m'ma 8 koloko madzulo, dzuwa lili phwee ngati 3 koloko masana. Ndinagona tenti imodzi ndi mayi wina wa ku Canada, mphunzitsi wopuma pantchito. Tinangoitambasula, mphepo n'kuikwatula m'manja mwathu. Mtsogoleri uja anabwera, anaitembenuza kuti kumbuyo kwake kuloze komwe mphepo ikuchokera, n'kutionetsa kakhomedwe ka zikhomo mopendeketsa, osati choimika. Kenako anatola miyala n'kutsindira chingwe chilichonse. Anati kuno mvula si vuto, vuto ndi mphepo, ndipo potsegula chitseko cha galimoto muzichigwira ndi manja awiri. Ndinakumbuka mwera wa mu Julaye, uja umachititsa kuti asodzi akokere mabwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde.

Tulo sitinabwere. Mdima kulibe m'mwezi umenewu. Pakati pa usiku dzuwa limangobisala pang'ono, kuwala n'kukhalabe ngati kwa m'bandakucha, ndipo mbalame sizileka kulira. Ndinajambula chithunzi nthawi ili 11:40 usiku, wotchi yanga ikuoneka, n'kutumiza kwa mlongo wanga pa WhatsApp kuti akawaonetse bambo. M'mawa ndinapeza uthenga wa mawu. Bambo ankafunsa kuti, "Nanga usipa amaugwira bwanji kumeneko, poti nyali imafuna mdima?"

Kum'mwera kwa chilumbachi n'komwe kunandigwira mtima. Ku Seljalandsfoss kuli kanjira kodutsa kuseri kwa mathithi, ndipo umatulukako uli chonyowa ngakhale utavala jekete ya mvula. Ku Skógafoss madzi amagwa kuchokera pa mamita 60, phokoso lake umalimva m'chifuwa. Pamwamba pa minda ya udzu ya m'derali pali phiri la Eyjafjallajökull, lija linaphulika mu 2010 n'kuimitsa ndege ku Ulaya kwa masiku angapo. M'munsi mwake anthu akuwetabe nkhosa ndi mahatchi, nyumba zawo zopaka utoto woyera, madenga ofiira.

Pa gombe la Reynisfjara, pafupi ndi Vík, mchenga ndi wakuda bii ngati makala osinja. Tisanatsike, mtsogoleri anazimitsa injini n'kutembenuka. Anati nyanja ya pano musaipatse msana. Pamabwera funde limodzi lalikulu mosayembekezereka pakati pa ang'onoang'ono, limafika pomwe mukuyesa kuti ndi pouma, ndipo anthu afapo. Ine ndinakulira m'madzi, ndinaphunzira kusambira ndisanayambe sukulu, koma pamenepo ndinaima patali. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anayamba kusendera kuti ajambule bwino. Ndinamukoka jekete osapempha n'komwe. Patangopita kamphindi thovu linakwirira pomwe anaima paja. Kuyambira tsiku limenelo ankandisungira mpando wa pazenera.

Kupitirira Vík msewu umadutsa m'chipululu cha miyala yokutidwa ndi ndere zofewa zotuwira, mtunda wautali osaona nyumba kapena mtengo. Amatcha Eldhraun. Miyala yonseyo ndi chiphalaphala cha moto chomwe chinatuluka ku Laki kuyambira mu 1783. Utsi wake wa poizoni unaononga msipu, ziweto zoposa theka zinafa, ndipo njala yotsatira inapha pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse m'dzikomo. Ku Kirkjubæjarklaustur amakumbukirabe m'busa Jón Steingrímsson, yemwe analalikira m'tchalitchi chiphalaphala chikuyandikira mudzi, ndipo chinaima chisanafike. Ndinakhala chete m'minibasi nthawi yaitali. Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso, ndikudziwa mmene mudzi umakhalira zii anthu akasiya kusinja. Sindinkayembekezera kuti nkhani yotere ndikaimva kwa azungu a pa zikwangwani zija. Ndere zimenezi saloleza kupondapo, chifukwa zikaphwanyika zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso.

Kenako pali chigwa cha mchenga wakuda cha Skeiðarársandur, chodzaza ndi mitsinje yochokera ku madzi oundana a Vatnajökull. Apa ndi pomwe msewu wozungulira dziko unamalizikira mu 1974, atamanga mlatho pa mtsinje wa Skeiðará. Mu 1996 phiri linaphulika pansi pa madzi oundanawo, madzi osungunuka anasefukira atanyamula zibuluma za ayezi zazikulu ngati nyumba, n'kuphwasula milatho. Zitsulo ziwiri zopindika za mlatho anazisiya m'mbali mwa msewu. Ndinazigwira. N'zokhuthala kuposa mkono wanga, koma zinapotoka ngati waya wa pa mpanda wa nkhuku. Madzulo ake tinali ku Jökulsárlón, dziwe lomwe zibuluma za ayezi zobiriwira mwa mtambo zimayandama pang'onopang'ono kulowera ku nyanja. Usiku umenewo kunazizira mpaka ndinagona ndi chipewa, masokosi awiri, ndi botolo la madzi otentha kumapazi.

Za kum'mawa sindinena zambiri. Tinkangokhotakhota m'mphepete mwa nyanja, mvula ikuwaza, nkhosa zitagona pamsewu, milatho yambiri ili yodutsa galimoto imodzi basi. Matenti tinkawapinda ali onyowa n'kukawamanganso ali onyowa. Anthu anayamba kukwiyirana pa zinthu zazing'ono, monga woiwala kutseka bokosi la buledi. Chomwe chinkatibweza mtima ndi madamu osambiramo a madzi otentha ochokera pansi, omwe amapezeka ngakhale m'katauni kakang'ono. Lamulo lake n'lakuti usambe thupi lonse ndi sopo usanalowe. Ukalowa umapeza agogo, ana ndi asodzi ali m'madzi mpaka m'khosi, akukamba za nyengo ndi ndale, ngati mmene amayi amachezera padooko.

Ku Mývatn ndinaseka ndekha ndi chimwemwe. Dzinalo limatanthauza nyanja ya tizilombo touluka, ndipo tinatipezadi, mtambo wathunthu, tikulowa m'mphuno ndi m'makutu. Anzanga anathamangira kukagula maukonde ovala kumutu. Ine ndinawauza kuti izi ndi nkhungu, kwathu zimatuluka pa nyanja ngati utsi, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja amazigwira ndi malichero n'kuumba ndiwo. Mtsogoleri uja anati kumeneko tizilomboti ndi tomwe timadyetsa nsomba ndi abakha a m'nyanjamo. Chapafupi pomwepo, ku Hverir, nthaka imabwata ngati phala, fungo lake ngati mazira oola.

Tsiku lomwe sindidzaiwala linadza titadutsa Akureyri. Tinapatuka pang'ono kulowera m'mudzi wa asodzi, ndipo ndisanaone chilichonse mphuno inandiuza kuti ndafika kwathu. Panali mitengo yokhomedwa ngati thandala lalitali, pomwe anapachikapo mitu ya nsomba za cod yomangidwa pa zingwe, ikuuma ndi mphepo, ikugundana n'kumalira ngati zigoba. Anzanga anatseka mphuno. Ine ndinatsika, ndinayenda pansi pake, misozi n'kulengeza. Mtsogoleri anati mitu youma yambiri imagulitsidwa ku Nigeria. Ndinamuuza kuti bambo anga ndi msodzi, ndipo ndinakulira pakati pa matandala a usipa ndi utaka. Anafunsa kuti kuti. Nditati ku Malawi, ku Mangochi, anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti dzina limenelo amalimva pa nkhani za pa wailesi. Agogo ake aamuna, anatero, anamira pa nyanja ali pa bwato lopalasa.

Pamenepo m'pomwe chithunzi cha ubwana wanga chinagwa. Dziko lonse la Iceland lili ndi anthu osakwana 400,000, pomwe boma la Mangochi lokha linapitirira 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Malo ake ndi ocheperako pang'ono kuposa Malawi, ndipo ambiri mwa malowo salimika. Ku Glaumbær tinalowa m'nyumba zomangidwa ndi zibuma za dothi ndi udzu, zamdima, zotsika, zomwe anthu ankakhalamo mpaka zaka za m'ma 1940. Ufulu wodzilamulira kwathunthu anaupeza pa 17 Juni 1944, zaka 20 zokha ife tisanapeze wathu. Chomwe chinawatukula ndi nsomba, ndipo anakangana ndi Britain katatu pakati pa 1958 ndi 1976 pofuna kuteteza madzi awo ophamo nsomba. Ndikaganiza za chambo chomwe chikusowa m'nyanja yathu, ndi maukonde a udzudzu omwe anthu akukokera tiana ta nsomba m'mbali mwa gombe, nkhani imeneyi imandiwawa. Iwo nsomba zawo anaziikira malire a kaphedwe, ndipo malirewo amatsatidwa.

Madzulo a tsiku limenelo inali nthawi ya gulu langa kuphika. Ndinali nditanyamula ufa makilogalamu awiri ndi mthiko kuchokera ku Leeds, osauza munthu. Ndinagula harðfiskur, nsomba youma yomwe eniake amadya yosaphika atapaka batala. Ndinainyika m'madzi ofunda, ndinakazinga anyezi ndi tomato, n'kuithira momwemo. Pambali ndinaphika kabichi wotendera ndi chiponde cha m'botolo. Nsima ya anthu 15 pa mbaula ya gasi, mphepo ikukankha moto, si masewera. Mayi wa ku Canada uja anagwira poto ndi nsalu, mnyamata ndinamukoka jekete ku Reynisfjara uja anaima kutchinga mphepo ndi thupi lake, ine ndikuvundula mpaka mapewa kuwawa. Ndinazungulira ndi jagi ya madzi ofunda ndi beseni kuwasambitsa m'manja mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu, n'kuwaonetsa kakanyidwe ka mbamu. Mtsogoleri anadya mitanda itatu osayankhula. Atamaliza anapempha nkhoko za pansi pa poto, osadziwa kuti kwathu ana amalimbirana zomwezo.

Tinabwerera ku Reykjavík, likulu la dzikolo, tsiku lakhumi, nsapato zili matope okhaokha, zovala zikununkha utsi ndi chinyontho. Ndisanapite ku bwalo la ndege ndinaimbira bambo. Ndinawafotokozera za mitu ya nsomba ija, za mabwato achitsulo a asodzi a kumeneko, za agogo a mtsogoleri wathu. Anamvetsera osandidula, zomwe sachita kawirikawiri.

"Ndiye kuti ndi anzathu a m'madzi," anatero. "Nsomba yawo youmayo wagulako?"

"Ndagula mapaketi awiri, bambo."

"Usatsegule. Ubwere nayo pa Khirisimasi, ndidzailawe ndekha."

Ili m'kabati pamwamba pa firiji, ndinaikulunga m'mapepala apulasitiki atatu kuti fungo lisavutitse mnzanga wokhala naye nyumba. Tikiti ya ku Lilongwe ndagula kale, ya pa 14 Disembala.