Ulendo wa ku Daque ndi mlandu wa mfuti ya amalume

Abale a m'komiti ndi nonse amene mudatsala kumudzi, nkhani ya ulendo uja yayamba kumera nthenga. Ena akuti tidagona m'chitokosi ku Tete, ena akuti amalume athu a mlenje adalira misozi pamaso pa eni mudzi. Ndiye ndati ndilembe ndekha, ine amene ndidakhala mpando wa kumbuyo, thumba la ufa lili pamiyendo, kuchokera ku Chifunde mpaka ku Daque.

Chimene chidatinyamula mukuchidziwa. Ndalama ya 20 peresenti ija, imene boma la Mozambique limabwezera anthu a m'dera kuchokera pa misonkho ya nkhalango ndi nyama zakutchire, idatiyambanitsa mvula isanathe. Alembi athu adaona pa foni amisiri a ku South Africa amene amapanga mfuti moyeza mwini wake ngati telala posoka suti: kutalika kwa mkono, pogona tsaya, zonse. Iwo ndi amalume adamanga mfundo imodzi, yoti mfuti yakale ija ya Brno ya .375 yatha ntchito, yaphonya ng'ona kawiri pa mtsinje wa Luia, tiitanitse yatsopano. Amayi msungichuma adati ndalamazo ndi za mjigo, chifukwa mkazi amene ali ndi madzi pamudzi sakumana ndi ng'ona. Apampando, amene mumawadziwa kuti sadula mlandu asadagonere, adati tiyeni tikafunse anzathu a Tchuma Tchato, ntchito yoti anthu azisamala ndi kupindula ndi nyama zakutchire, a ku Daque m'dera la Mágoè, amene akhala ndi njovu ndi ng'ona zaka zambiri. Ndiulule pano kuti ine ndidali mbali ya alembi.

Tidanyamuka tambala woyamba, anthu asanu ndi anayi. Pa Manje tidamwa tiyi, dzuwa lisanakwiye tidafika pa Matema. Tisanakwere mlatho wa Samora Machel wapolisi adatiimitsa, ndipo ataona chikwama chachitali pansi pa mpando adafunsa mwaulemu ndithu kuti aone chilolezo cha mfuti. Amalume adapisa m'thumba la malaya. Mulibe. La thalauza, mulibe. Adavula jekete ija yomwe tidawauza kuti ku Tete sikufuna jekete, naikutumula ngati mphasa. Padagwa mtedza, singano, ndi chiphaso cha katemera wa ng'ombe. Tidatsitsa katundu yense pamsewu: ufa, mapoto, nkhuku ziwiri za mphatso, imodzi n'kuthawira pansi pa lole ya malasha, achiwiri kwa apampando n'kumaikwawira ndi mimba yawo ija. Kutentha kwa ku Tete inu mumangokumva. Phula limafewa pansi pa nsapato. Amayi msungichuma adangokhala pamthunzi wa galimoto, nati, "Achimwene, musafulumire, mfuti ikatsala pano mlandu wathu watha wokha." Patapita nthawi amalume adavula chipewa kuti apepese bwino kwa wapolisi uja, ndipo pepala lidagwa kuchokera m'chipewamo, lili m'pulasitiki, lopindidwa kanayi. Adaliika okha usiku kuti lisasowe. Wapolisi adawerenga manambala, nafananiza ndi a pamfuti, natiuza tipite uku akubisa kuseka. Ndiye mukamva wina wa ife akuti "yang'anani m'chipewa" mudziwe kumene zidachokera.

Pa Matambo tidakhota kulowera njira ya ku Songo. Dziko la kumeneko ndi la milambe, miyala ndi mbuzi, ndipo anyamata amagulitsa masau m'mbali mwa msewu. Ena adafuna tikwere phiri tikaone khoma la damu la Cahora Bassa, la mamita 171 lija limene lidatha kumangidwa mu 1974, koma ola lathu lidadyedwa ndi chipewa. Tidadutsa pa Chitima n'kufika madzulo.

Za chakudya ndisanene zambiri, ngakhale ndizo zimene tikukamba mpaka lero. Adatiphera mbuzi, ndipo mbiri ya mbuzi ya ku Tete si yabodza. Amati zimakoma chifukwa cha masau ndi malambe zimene zimadya. Padalinso pende, nsomba ya m'nyanja, wootcha, wamkulu kuposa mbale. Achiwiri kwa apampando, amene m'galimoto ankati adokotala adawaletsa nyama yofiira, adafunsa kuti kodi mbuzi yophika ndi yofiira? Adadziyankha okha mbale zitatu.

M'mawa tidaphunzira. Adatifotokozera kuti Tchuma Tchato, kunena kuti chuma chathu, idayambira ku Bawa mu 1994, cholinga chake n'choti anthu okhala ndi nyama azipeza gawo la ndalama zimene alenje achilendo amalipira, ndipo kuti mu 2013 mbali ina ya deralo idakhala paki ya Mágoè. Adatiuza za kulemba m'buku nyama iliyonse yovutitsa, za kudziwitsa akuluakulu a boma isanawomberedwe, za tsabola wothamangitsira njovu, ndi za kutchinga madooko ndi mpanda. Alembi adalemba zonse ndipo adzawerenga pamsonkhano.

Tsopano mfuti. Adatiitanira fisikali, mlonda wa nyama zakutchire, wina wachikulire, wopuma ntchito, wowonda ngati bango, wosalankhula kwambiri. Adalandira Brno ija ndi manja awiri, natsimikiza kaye kuti mulibe chipolopolo, nasolola chitsulo chotsekera, n'kusuzumira mumpope moloza kuwala. Adati mizere ya mkati ikadali yakuthwa, kungoti yakutidwa ndi mkuwa wotsalira ku zipolopolo. Adatulutsa sikuludilaiva. Sikuluwu ya kutsogolo, yomanga chitsulo ku thabwa, idazungulira pafupifupi kamodzi kathunthu. Galasi loonera patali lidali kugwedera pa mphete zake moti ngakhale ine ndidaliona. Kenako adapempha ndalama ya pepala. Amayi msungichuma adamasula nsonga ya chitenje monyinyirika, natulutsa 20 metikali. Mkuluyo adailowetsa pakati pa mpope ndi thabwa n'kumaikoka kubwerera kumbuyo, ndipo idakakamira pakati. Adati apa thabwa lidafufuma ndi mvula, likukankha mpope, n'chifukwa chake mfuti imaloza kwina dzinja, kwina chilimwe. Adayang'ana kukamwa kwa mpope nafunsa, "Bambo, kodi mumaitsamiritsa chozondoka pansi m'galimoto?" Amalume adayang'ana nkhuku. Pomaliza adakhuthula zipolopolo za m'thumba mwawo: zina zolimba za 300 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), zina za mutu wofewa za 270, zosakanikirana ngati nyemba za pamsika. Iliyonse ili ndi njira yake, adatero.

Atatsuka mpope, kumanga zonse ndi kupala thabwa pang'ono, adaika katoni mamita 100, nagoneka mfuti pa thumba la mchenga. Zoyamba zidali zowongolera galasi. Zitatu zotsatira zidagwa malo oti bokosi la machesi lidaphimba onse. Bongo wa ng'ona ndi kanthu kochepa, ndipo mlenje wanzeru amaiyandikira kuposa pamenepo. Tonse tidangoti chete.

Apa ndi pamene anthu akuwonjezera, ndiye mumve bwino. Mkuluyo adati amalume ayese, koma mfuti aziwaikira yekha chipolopolo. Kachiwiri adawapatsa yopanda kanthu osawauza. Amalume adakoka, mfuti idangoti tha, koma iwo adali atatsinzina kale, phewa litathawa, mpope utaloza m'fumbi. Mfuti ya .375 imaponda ngati bulu, ndipo thupi limakumbukira ngakhale mtima uli wolimba. Palibe adaseka, ngakhale achiwiri. Mkuluyo adavula malaya natisonyeza phewa lake, nati nayenso adadwalapo matenda omwewo, mankhwala ake ndi mphira wofewa kumbuyo kwa thabwa, zotseka m'makutu, ndi kuzolowera kukoka pang'onopang'ono mfuti ilibe kanthu. Amalume sadalire. Adapukuta thukuta ndi chipewa chija nati, "Ndiye kuti wokalamba ndine, osati iyi." Ine ndidawalemekeza kwambiri pamenepo kuposa tsiku limene adapha mvuu ija.

Alembi sadagonje msanga. Usiku pamoto adafunsa ngati mfuti yopangitsa ilibe phindu. Mkuluyo adati ilinalo, kwa munthu wa mipikisano yowombera patali, kapena pamene mpope watheratu mizere, koma imafuna chilolezo choitanitsira kunja, miyezi yodikira, ndi ndalama zimene komiti ngati yathu imaziona kamodzi. Adatinso Brno idapangidwa ku Czechoslovakia kuti izigwira ntchito m'fumbi, ndipo mtundu wa chipolopolo chake ulipo kuyambira 1912, sichisowa. Alembi adati dziko likupita patsogolo. Amayi adati lipite ndi ndalama zake. Adakangana mpaka nkhuni zidatha, apampando akuwodzera kapena kunamizira kuwodzera. M'mawa adagamula: Brno ipite kwa mmisiri wovomerezeka akakonze pogona chitsulo, kukamwa kwa mpope ndi mphete za galasi, tigule zipolopolo za mtundu umodzi, zotsala zipite ku mjigo. Msonkhano wa mudzi ndiwo udzavomereze.

Tikuthokoza eni athu a ku Daque, makamaka amayi amene adadzuka usiku kutiphikira; afumu athu amene adatipatsa nkhuku ndi mawu; adalaivala amene adasintha tayala pa Marara osadandaula, ife tili pansi pa mlambe kupereka malangizo; azakhali amene adatibwereka kontena ya madzi, imene ikubwera, musadere nkhawa; ndi inu amene mudasonkha ufa. Achiwiri akuti tiwathokoze chifukwa cha nkhuku ya pansi pa lole. Tawathokoza.

Chatsala chimodzi. 20 metikali ija itatuluka pansi pa mpope idadutsa m'manja ambiri, aliyense akufuna kuyesa yekha, ndipo siidabwerere ku chitenje. Amayi msungichuma ailemba m'buku la komiti pa mzere wa "kukonza mfuti", ndipo akuti womaliza kuigwira adali alembi. Alembi akuti tiyang'ane m'chipewa.