Timapepala tikadumphira chipeso, ndiye kuti tili ndi chaji?

Pa mitu ya Physics yomwe ndikubwereza pokonzekera MSCE, wa electrostatics, wokhudza chaji ya magetsi yosayenda, ndi umene umanamiza munthu kuti akuudziwa. Ndani sanatikitepo chipeso m'tsitsi n'kuona timapepala tikudumphira? Koma tafunsani ngati timapepalato tili ndi chaji, mumva kalasi imodzi ikuyankha pawiri.

Choyamba, kutikita sikupanga chaji. Kumangosamutsa ma elekitironi, tinthu ting'onoting'ono ta chaji ya negetivu, kuchoka pa chinthu china kupita pa chinzake. Ukatikita ndodo ya pulasitiki wa polythene ndi nsalu youma, ma elekitironi amachoka pansalu kupita pandodo. Ndodo imakhala negetivu, nsalu imatsala pozitivu, ndipo zimene wina wapeza ndi zomwezo mnzake wataya. Ndodo ya pulasitiki wa acetate imachita mosemphana: imataya ma elekitironi. Woyamba kunena kuti chaji ilipo ya mitundu iwiri anali Charles du Fay wa ku France mu 1733, ndipo Benjamin Franklin ndiye anabweretsa zoti pozitivu ndi negetivu. Zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Apa palibe chovuta.

Chovuta chili pa timapepala tija. Tilibe chaji yotsalira, pozitivu ndi negetivu m'kati mwake n'zofanana. Chipeso cha negetivu chikayandikira, chimakankhira chaji ya negetivu ya m'kapepalako kumbali yakutali, mbali yapafupi n'kukhala ngati pozitivu. Mu 1785 Coulomb anapeza kuti mtunda wa pakati pa ma chaji awiri ukawirikiza kawiri, mphamvu yokokana kapena kukankhana imatsika kanayi. Ndiye kukoka kwa mbali yapafupi kumaposa kukankha kwa mbali yakutali, kapepala n'kudumpha. Choncho kukokana si umboni woti zinthu zonse ziwiri zili ndi chaji. Umboni wosakayikitsa ndi kukankhana basi. Ine ndimaona kuti mutu wonsewu wagona pamenepa.

Kusukulu kwathu kuno ku Dedza electroscope, chida choyezera chaji, timangoiona pachithunzi m'buku, yokhala ndi kagolide kopyapyala monga anaipangira Abraham Bennet m'zaka za m'ma 1780. Ife tinapanga yathu. Tinatenga botolo lagalasi louma bwino, waya wa kopa wopindidwa ngati mbedza kumunsi, wolowa pachivindikiro chapulasitiki, ndi timizere tiwiri ta aluminiyamu wopyapyala tolendewera pambedzapo. Ukayandikiza chipeso chotikita kunsonga kwa wayawo, timizere timatalikirana chifukwa tonse talandira chaji yofanana. Ukachotsa chipeso timabwerera pamodzi.

Kuti ikuuze mtundu wa chaji, uyenera kuyamba waipatsa chaji yomwe ukuidziwa. Njira imene imandisangalatsa ndi yosagunditsa ndodo n'komwe. Yandikiza ndodo ya negetivu, gwira wayawo ndi chala kuti ma elekitironi okankhidwawo adutse m'thupi mwako kupita pansi, chotsa chala, kenako chotsa ndodo. Electroscope imatsala pozitivu, kusiyana ndi ndodo imene wagwiritsa ntchito. Ukasemphanitsa, n'kuyamba kuchotsa ndodo chala chikadali pomwepo, ma elekitironi amabwerera ndipo sipatsala kanthu. Tsopano bweretsa chinthu chomwe ukufuna kuyeza. Timizere tikatalikirana kwambiri, chinthucho n'chapozitivu. Tikayandikana, usafulumire kulemba kuti negetivu, pakuti ngakhale dzanja lako lopanda chaji limatiyandikanitsa pang'ono.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake, ndipo mabuku sachedwapo pa zimenezi. M'mwezi wa July, kukazizira kouma, ukamavula juzi mumdima umamva kuthetheka, nthawi zina n'kuona timoto. Kuti kamoto kadumphe milimita imodzi mumpweya wouma pamafunika ma volt pafupifupi 3,000, koma chaji yake n'njochepa kwambiri moti umangodzidzimuka. Tsiku lomwe nkhungu yaphimba phiri la Dedza, kapena mu January mvula ili pakati, chipeso chomwecho chimachita ngati chanyanyala. Chinyezi chimamata pamwamba pa pulasitiki ndi pagalasi, chaji n'kumathawira momwemo usanayeze n'komwe. Ngati mukufuna kuyesa zimenezi nthawi ya dzinja, yambani mwayanika botolo ndi nsalu padzuwa, kapena muziike pafupi ndi mbaula, osati pulasitiki, kenako yesani mofulumira.