Zimene wophunzira nyimbo angatole kwa Guy Lombardo

Anthu ambiri amene amamva nyimbo ya Auld Lang Syne ikulira ku Times Square, bwalo lotchuka la mumzinda wa New York, pakati pa usiku wa 31 Disembala sadziwa kuti mwambowu unakhazikika chifukwa cha bandi imodzi. Mtsogoleri wake, Guy Lombardo, anabadwira ku London ya ku Ontario m'dziko la Canada mu 1902, makolo ake ochokera ku Italy. Iye ankaimba vayolini, mng'ono wake Carmen sakisofoni, mng'ono wake wina Lebert lipenga, ndipo mng'ono wawo Victor analowa pambuyo pake. Gululo, lotchedwa Royal Canadians, linadutsa ku Cleveland ndi ku Chicago lisanafike ku Roosevelt Hotel mumzinda wa New York mu 1929.

Chaka chomwecho anaimba pa wayilesi usiku wolowera Chaka Chatsopano, wayilesi ya CBS ikuulutsa nthawi ya 12 isanakwane, ya NBC n'kulandira itakwana. Nyimbo ya Auld Lang Syne, imene ankaimba 12 koloko ikakwana, ankaidziwa kale kwawo, poti dera la Ontario limene anakulira linali ndi anthu ambiri ochokera ku Scotland, kwawo kwa mlakatuli Robert Burns amene analemba mawu ake mu 1788. Kuyambira 1956 ankaonekanso pa TV, kenako anasamukira ku hotela ina ya mumzindawo, Waldorf-Astoria, kumene anaimba komaliza polowa 1977. Lombardo anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ku Houston.

Okonda jazi ankamunyoza kuti nyimbo zake n'zozuna mopitirira, zopanda mafupa. Komabe Louis Armstrong, katswiri wa lipenga pa jazi, ankaikonda bandiyi poyera, ndipo ndikuona kuti anamva chimene onyozawo anaphonya: kuimba mophweka chonchi n'kovuta.

Mvetserani zida za bandiyi, chilichonse pachokha. Yambani ndi masakisofoni okha. Onse amanjenjemeretsa mawu pa liwiro limodzi, kutsatira Carmen, mpaka kumveka ngati munthu mmodzi. Pamene magulu ambiri amalakwitsa m'pomwepa: wina akanjenjemeretsa msanga, wina pang'onopang'ono, womvera amaganiza kuti zida sizinachunidwe, chikhalirecho zili bwinobwino. Mankhwala ake n'kukhala pa noti imodzi kwa kugunda 8, wotsogolera ayambe yekha, ena alowe mmodzimmodzi, ndipo wolowayo asamveke kuti walowa. Mukatero pitani ku malipenga, amene nthawi zambiri amakhala otsekedwa kukamwa kuti asakwirire ena. Pansi pali tuba, lipenga lalikulu la mawu a besi, imene Lombardo anaisunga pamene mabandi ena anali atasinthira ku besi ya zingwe. Panalinso mapiyano awiri. Ng'oma mumachita kuzisaka ndi khutu.

Nyimbo ya pakati pa usikuyo ndi yaifupi. Vesi ili ndi ma-bar (tizigawo ta nyimbo) 8, kolasi 8, bar iliyonse kugunda 4, zonse pamodzi 64. Pa liwiro la 80 pa mphindi, zimatha m'masekondi 48. Ozolowera solofa kukwaya aipeza yosavuta, chifukwa imayenda pa do, re, mi, so ndi la basi, mulibe fa kapena ti. Imayambira pa so wam'munsi n'kukwera mpaka la wam'mwamba.

Kiyi ya F ndiyo yabwino kwa khamu, chifukwa mawu amayambira pa C n'kulekezera pa D. Mukaikweza kupita ku G, noti yam'mwamba imafika pa E, ndipo abambo ambiri, makamaka atatopa ndi kukuwa, amangosiyira panjira. Kumbukirani kulembera chida chilichonse kiyi yake: piyano ikakhala mu F, lipenga ndi sakisofoni ya tenor ziwerenge G, sakisofoni ya alto iwerenge D. Kupatsa onse pepala limodzi la piyano ndi vuto lofala kwambiri, ndipo limaonekera pa noti yoyamba yeniyeniyo.

Noti yoyambayo ilinso ndi msampha wake. So uja amagwera pa kugunda kwachinayi, bar yoyamba isanayambe, choncho wotsogolera awerenge mpaka 3, osati 4. Akafika pa 4, theka la gulu limalowa, theka lina likudikirabe. China n'chakuti khamu limawerenga masekondi chobwerera m'mbuyo pa liwiro la 60, ndipo oyimba amatengera liwirolo osazindikira, nyimbo n'kumakwawa. Lolani mfuu wa 12 koloko udutse kaye kwa masekondi awiri kapena atatu, ndiyeno perekani liwiro lanu ndi dzanja loonekera kwa onse, chifukwa muphokosolo palibe angamve kuwerenga kwa pakamwa.

Pa vesi musakometsere chilichonse. Lombardo ankaika nyimbo yeniyeniyo pamwamba nthawi zonse kuti ovina ndi oyimba nawo asasochere, ndipo usiku umenewu khamu ndilo likuimba, bandi ikungoperekeza. Ngati woimba lipenga akufuna kuonetsa luso, mupatseni kolasi yachiwiri, anthu atagwira kale njira.