Sabata ya kumalinga, kuchokera ku Mangochi mpaka ku Phalombe

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo, anthu amangoti gayidi. Sabata yathayi ndinali ndi kagulu ka ana a kukoleji ophunzira histole limodzi ndi aphunzitsi awo, kuphatikizapo mayi wina wa ku Scotland yemwe akuti akulemba buku la nthano lokhudza nthawi ya atsamunda. Onsewa amafuna malinga akale basi, za kunyanja analibe nazo ntchito.

Lolemba tinangozungulira pa Mangochi boma pompa. Nsanja ya wotchi ija yokumbukira Queen Victoria ndi ya 1903, pafupi pake pali mfuti ya Hotchkiss yomwe inali pa sitima ya a Britain ya Guendolen, yomwe ija inakaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven pa nyanja ya Malawi mu Ogasiti 1914 nkhondo itangoyamba kumene. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. A kabaza amadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku koma ambiri mwa ana a kukoleji aja samadziwa nkomwe kuti tauniyi inali Fort Johnston, komanso kuti linga loyamba la 1891 linali kutsidya kwa Shire moyang'anizana ndi kwa mfumu Mponda, pano anachita kusamukirapo pambuyo pake.

Lachiwiri linapita ndi galimoto, fanibeloti inaduka, tinaswera pa galaja.

Lachitatu nde linali tsiku lenileni. Tinagwira msewu wa ku Namwera, galimoto tinaisiya mmunsi nkuyamba kukwera wapansi kupita ku Fort Mangochi, chitunda chake si chamasewera ayi, aphunzitsi aja amangopumira mmwamba koma anafika ndithu. Pamwamba pali mpanda wamiyala wokhuthala bwino, mkati muli zipupa za njerwa zopanda denga, mizu ya mitengo yalowa mpakati pa njerwa ikuzikankha pang'onopang'ono. Pakona ina tinapeza dzenje lofika mchiuno, dothi lake likadali lofiira. Mnyamata wa mmudzi yemwe amatilondolera njira anati ndi anthu ofuna chuma, eti azungu anakwirira golide ndi marupiya pochoka, ndipo pansi pali mphanga yotulukira kunyanja. Mayi uja anatulutsa kope nkuyamba kulemba msangamsanga, maso ali gwa pa mnyamatayo.

Apa mtima unandiwawa. Mphanga ija kulibe, golide kulibe, koma bodza lomweli ndi lomwe likugwetsa zipupa chifukwa anthu akukumba mpaka pa maziko. Ndinawakhazika onse pa mpanda paja nkuwauza zomwe zinachitikadi. Phirili linali la mfumu ya Ayao, Jalasi, mabuku a azungu amalemba kuti Zarafi. Mu 1892 asilikali a Harry Johnston, mkulu woimira boma la Britain mdziko muno, anabwera kudzamuthira nkhondo koma anabwerera chothawa mpaka kusiya mzinga wawo mmanja mwake. Anadzamugonjetsa mu 1895, iye nkuthawira ku Mozambique, linga nkumangidwa pamalo pake penipenipo. Kenako linasanduka ndende, ndipo nthawi ya nkhondo yoyamba amaphunzitsirapo asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda). Ndinawauza mayiwo kuti mayi, nthano ndi yanu lembani mmene mukufunira, koma Jalasi alowemo ngati munthu wokhala ndi dzina, asakhale gulu chabe la anthu okuwa kuseri kwa miyala.

Usiku wa Lachinayi ku loji mkangano unabuka pa chakudya. Mtsikana wina anandifunsa kuti achimwene, nde Jalasiyo ndi ngwazi kapena wogulitsa anthu? Ndinamuyankha kuti zonse ziwiri, amateteza dziko lake komanso akapolo amadutsadi mmanja mwake kupita kugombe. Chimodzimodzi mfumu ina ya Ayao, Makanjira, yemwe anthu ake anapha mkulu wa asilikali a Johnston, Captain Cecil Maguire, mu Disembala 1891. Johnston naye amatsekadi njira za akapolo, koma malinga omwewo ndi omwe anakhazikitsa msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa Britain. Anawo anakangana mpaka nsima kuzizira, ine ndimangomvetsera ndikusangalala, mafunso otere ndi omwe ndimaifunira ntchitoyi.

Lachisanu tinalawirira mmamawa kudzera ku Liwonde, Zomba, Jali mpaka ku Phalombe, ku Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Analimanga mu 1893 kutseka njira ya akapolo yopita ku doko la Quelimane ku Mozambique. Zatsala ndi zochepa, maziko ndi manda a Gilbert Stevenson, wachibale wa mlembi uja Robert Louis Stevenson. Mayi aja anajambula mandawo kambirimbiri, ndipo mnyamata wina anafunsa kuti nanga Asikh a ku India ndi asilikali akuda omwe amalondera pano mayina awo ali kuti, palibe anayankha.

Loweruka ndinakhalira kulemba lipoti. Ndaikamo pempho loti mabwana anga alankhule ndi mafumu a kufupi ndi Fort Mangochi za kukumba kuja, komanso tipeze ndalama ya chikwangwani cholembedwa mChiyao ndi mChichewa, chifukwa gulu lina likubwera mwezi wa mawa.