Mmene Ndimakonzera Pulogalamu ya Ana pa Tchuthi Chachikulu ku Laibulale ya M'dera

Ntchito imeneyi ndimaiyamba mu June, sukulu zisanatseke. Teremu yachitatu imatha chakumapeto kwa July ndipo ana amabwerera m'kalasi mu September. Pakati apa mwana wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni atha kutha masabata onsewo osatsegula buku ndi tsiku limodzi lomwe. Amene zimawapweteka kwambiri ndi a Sitandade 1 mpaka 4, chifukwa kuwerenga kwawo kumakhala kusanakhwime, ndipo maphatikizo amene anawagwira movutikira amatha kuuluka onse. Laibulale yaing'ono ya m'dera, kaya ili m'chipinda cha pa tchalitchi, pa sukulu kapena mu holo, itha kuthandiza, koma pokhapokha zinthu zitakonzedwa nthawi ikadalipo. Mukadikira kuti sukulu zitseke ndiye muyambe, aphunzitsi mudzawapeza atapita kumudzi, ndipo simudzapezanso malo amene ana ali pamodzi kuti muwauze.

Khomo loyamba kugogoda ndi la amfumu a m'dera. Sinditumiza uthenga pa foni, ndimapita ndekha ndi mmodzi wa akomiti, n'kunena kuti, "Amfumu, tabwera kudzakudziwitsani za ana anu komanso kudzapempha chilolezo." Kuchoka apo ndimaonana ndi aphunzitsi aakulu a sukulu ziwiri kapena zitatu zoyandikana nafe, ndipo khansala ndimamusiyira kalata. Kalatayo ndi ya tsamba limodzi: masiku, maola, malo, zaka za ana, ndi mayina a akuluakulu oyang'anira. Pansi pake ndimalemba mizere iwiri yosalephera, woyamba wakuti palibe kulipira, wachiwiri wakuti sikudzakhala kugawa katundu aliyense. Mzere wachiwiriwu mukauiwala, mphekesera imamveka kuti kwabwera bungwe, ndipo tsiku loyamba pakhomo pamadzaza khwimbi la ana amene simungathe kuwalandira, ena n'kubwerera akulira. Uthenga umalengezedwa pa asembule sabata yomaliza ya teremu, ku mzikiti Lachisanu, ndi m'matchalitchi Loweruka ndi Lamulungu.

Chiwerengero cha ana sindichitchula ndisanawerenge mabuku. Ndimatsitsa mabuku onse a ana m'mashelefu, n'kuwaika milu itatu pa mphasa: a zithunzi ndi mawu ochepa, a nkhani zazifupi, ndi a nkhani zazitali. Apa m'pamene zimaoneka kuti shelefu yodzaza si chuma nthawi zonse. Mabuku ambiri amene malaibulale athu amalandira ndi a Chingerezi, olembedwera ana amene amayankhula chinenerocho kunyumba, pomwe mabuku osavuta a Chichewa amakwana m'dzanja limodzi. Lamulo langa ndi lakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku osachepera awiri a msinkhu wake wa kuwerenga. Ngati oyenera alipo 60, ndimalemba ana 30, osapitirira.

Mabuku owonjezera ali ndi magwero atatu. Loyamba ndi National Library Service, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi muno mu Blantyre. Imalandiranso mabuku kuchokera ku Book Aid International. Kalata yanu inene bwino zaka za ana ndi chinenero chimene mukufuna, ndipo muiperekeze nokha. Lachiwiri ndi sukulu: kuyambira mu 2016 boma lakhala likuyendetsa National Reading Programme, pulogalamu yophunzitsa kuwerenga ya Sitandade 1 mpaka 4, ndipo aphunzitsi aakulu ena amalola kubwereketsa mabuku ochepa pa tchuthi mukasainirana mndandanda. Lachitatu ndi manja anu. Mapepala anayi a A4 mukawapinda pakati amapereka masamba 16. Ndimaboola mabowo atatu pa mzere wopindawo, kusoka ndi ulusi wolimba, n'kuika chikuto cha katoni. Tsamba lililonse chiganizo chimodzi cha zilembo zazikulu ndi chithunzi chimodzi. Sitepula ndinaisiya, chifukwa mawaya ake amachita dzimbiri ndipo masamba apakati amathothoka sabata yachiwiri isanathe.

Buku lililonse limadindidwa chidindo cha laibulale m'malo atatu, pa tsamba loyamba, pakati, ndi m'mphepete mwa masamba, kenako limapatsidwa nambala yomwe imalowa mu hadikava.

Kulembetsa ndimakupatsa masiku awiri, ndipo mwana amabwera ndi kholo kapena womulera. Mu kaundula mumalowa dzina, zaka, kalasi, nambala ya foni ya kholo, ndi chizindikiro cha pomwe amakhala, monga "kuseri kwa chigayo" kapena "pafupi ndi kiyosiki ya madzi", chifukwa nyumba zambiri za m'makwalala athu zilibe nambala yoti mungaitsate. Ndimafunsanso ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena vuto la maso ndi makutu, komanso ngati kholo likulola kuti ajambulidwe. Likakana, nkhani yathera pomwepo. Chithunzi chake sichipita pa Facebook kapena pa WhatsApp.

Tsopano chimene ndimachiwerengera kuposa zonse. Ana sindiwagawa potengera kalasi, ndimawagawa potengera zimene atha kuwerengadi. M'makalasi odzaza a sukulu zathu mwana atha kufika Sitandade 4 akuvutikabe ndi maphatikizo, pomwe wina wa Sitandade 2 akuwerenga ndime yonse bwinobwino. Mukawaika pamodzi chifukwa cha kalasi, woyambayo amangotsegula pakamwa motsatira anzake mpaka tchuthi chithe. Choncho tsiku lolembetsa lomwelo mwana aliyense ndimakhala naye mphindi zisanu. Ndili ndi pepala limodzi la mizere inayi: zilembo 10, maphatikizo 10 kuyambira osavuta monga ba, me, ku mpaka ovuta monga nkha, mphu, ng'o, mawu 10 monga mayi, galu, nyumba, nkhuku, ndipo pomaliza kandime ka ziganizo zinayi ndi mafunso awiri. Ndimakhala pambali pake, osati moyang'anizana naye ngati wapalamula. Kholo ndimalipempha mwaulemu kuti, "Mayi, takhalani kaye pa benchi apo pang'ono," chifukwa likakhala pafupi limanong'oneza yankho kapena kumukalipira mwanayo, ndipo zonse ziwiri zimabisa zoona. Akalephera zinthu zisanu zoyamba za mzere, ndimaima pomwepo, kumuthokoza, n'kulemba pomwe wafika. Chenjerani ndi ana oloweza pamtima. Alipo amene amatha kunena tsamba lonse la buku la kusukulu maso ali padenga. Mukakayika, lozani mawu kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, zimaonekera pomwepo.

Magulu amatuluka atatu: a zilembo ndi maphatikizo, a mawu ndi ziganizo, ndi owerenga nkhani. Sindiwatchula kuti gulu loyamba, lachiwiri, lachitatu, chifukwa ana amadziwa msanga lomwe ndi la "osatha". Ndimawapatsa mayina a mapiri athu, Soche, Michiru ndi Ndirande. Ndipo mwana wa zaka 12 amene akadali pa maphatikizo musamukhazike pa mphasa imodzi ndi a zaka 6. Manyazi amamugwira, mawa lake sabweranso. Ana okulirapo oterewa ndimawapatsa ngodya yawoyawo ndi wowathandiza wawo.

Othandiza abwino ndi achinyamata a Fomu 4 amene angomaliza mayeso a MSCE mu July ndipo akudikira zotsatira. Mmodzi amakwanira ana 10, akachuluka 12. Ndimawauza poyamba pomwe kuti ntchitoyi ndi yongodzipereka, koma pamapeto adzalandira kalata ya umboni yodindidwa, yomwe imawathandiza pofunsira ntchito kapena sukulu. Timakhala m'mawa muwiri kuphunzira kugwira buku moti ana onse aone chithunzi, kuwerenga mokweza mosathamanga, ndi kudikira mwana aganize m'malo momulanda yankho. Malamulo ndi ochepa koma sasinthika: palibe chikwapu, palibe kutchula mwana kuti mbuli, palibe wamkulu wokhala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ndipo nthawi zonse pamakhala akuluakulu awiri. Nambala yaulere ya 116, yothandiza ana amene akuchitiridwa nkhanza, imalembedwa pa khoma pomwe mwana aliyense angaione.

Masiku ndimasankha Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuyambira 9 koloko mpaka hafu 11. Kuyamba 8 koloko sikuyenda, chifukwa m'mawa wa July ndi August kumazizira, chiperoni chikabwera ndiye kumangowaza, komanso atsikana ambiri amayenera kutunga madzi ndi kutsuka mbale asananyamuke. Kuweruka hafu 11 kumapatsa ana achisilamu mpata wokonzekera mapemphero a Lachisanu. Atsikana ena amabwera atabereka azing'ono awo kumbuyo. Musawabweze, chifukwa mukatero mwawachotsa pulogalamu yonse. Ikani mphasa ina pambali ndi mabuku olimba a zithunzi, mayi mmodzi wa komiti aziyang'anira.

Tsiku lokha limayenda motere. Mphindi 15 zoyamba ana onse amakhala pamodzi kumvetsera buku lowerengedwa mokweza. Kenako mphindi 40 m'magulu, kupuma ndi masewera monga phada ndi fulaye, mphindi 30 zowerenga aliyense buku lomwe wasankha, ndipo chomaliza kubweza ndi kubwereka mabuku. Ngati m'kati muli akuluakulu owerenga nyuzipepala kapena ophunzira a ku koleji ofuna bata, magulu aphokoso amatuluka panja pa mthunzi. Kumeneko mdani ndi mphepo ya August. Makadi a maphatikizo ndimawapachika pa chingwe ndi mapegi a zovala, ndipo mabuku amakhala mu beseni lovundikira ndi chitenje kuti fumbi lisalowe.

Nkhani ya chakudya musaizembe. M'sukulu zambiri za pulayimale muno ana amadya phala la Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba kudyetsa ana m'Malawi mu 2002, ndipo sukulu zikatseka phalalo limaimanso. Ikamakwana 10 koloko mudzaona ana ena akuyasamula, mitu ili pa mawondo. Si ulesi, ndi njala. Koma musalonjeze chimene simungachikwanitse mpaka tsiku lomaliza, chifukwa chakudya chikabwera sabata yoyamba n'kusowa yachiwiri, ana amatha nacho limodzi. Chimene chimatheka nyengo ino ndi mbatata yophika, popeza imapezeka yambiri m'misika. Makolo amagawana masiku, wina nkhuni, wina kuphika, ndipo mwana aliyense amalandira chidutswa chimodzi pa nthawi yopuma, mabuku atasungidwa kaye. Pakhomo pamakhala ndowa ya mpopi ya malita 20 ndi sopo womangirira pa chingwe, ndipo madzi akumwa amakhala mu ndowa ina yovundikira, othira mankhwala monga mwa malangizo a pa botolo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inachititsa kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulira mu January 2023. Madzi ndimatungiratu dzulo lake, popeza mpopi utha kuuma tsiku lomwe mukuufuna. Ngati chimbudzi chilibe chitseko kapena chadzadza, chikonzeni pulogalamu isanayambe.

Kubwereketsa mabuku kupita nawo kunyumba ena amakuopa, koma ine ndimati buku lokhala pa shelefu silinathandize munthu. Sabata yoyamba sindilola aliyense kutenga. Timaphunzira kaye kutembenuza tsamba pogwira ngodya ya pamwamba osanyowetsa chala, ndi posungira buku kunyumba, kutali ndi mbaula, mwana wokwawa ndi makoswe. Kuyambira sabata yachiwiri, buku limodzi kwa sabata imodzi, m'kachikwama kosokedwa ndi zidutswa za chitenje zomwe atelala amatipatsa. Mu hadikava mumalowa tsiku, nambala ya buku ndi dzina. Buku likachedwa sinditchula faindi, chifukwa mwana amene wamva za ndalama amathawa, n'kutayika buku ndi mwana yemwe. Ndimatuma wothandiza wa kufupi ndi kwawo akafunse bwinobwino, ndipo kawirikawiri bukulo limapezeka kuti mchimwene wake akuliwerenga. Long'ambika timalimata pamodzi ndi mwini wakeyo, ndi guluu ndi kapepala kopyapyala, osati selotepu, yomwe imasanduka yachikasu n'kumatuka kukatentha.

Sabata yachitatu chiwerengero chimatsika, ndipo musakhumudwe. Ena apita kumudzi kwa agogo, ena ku zinamwali zomwe zimachitika tchuthi chomwechi, ena ku misonkhano ya tchalitchi, ena atumidwa kukagulitsa mandasi. N'chifukwa chake ndimasunga mndandanda wa odikira. Mwana akajomba katatu motsatizana ndimaimbira kholo, ndipo likati sabweranso, malo ake amapita kwa wina.

Masana laibulale isakhale yotseka. Lachitatu masana timaitana agogo a m'dera kudzanena nthano, ndipo "Padangokhala" akangomveka, "Tili tonse" amayankha ndi makolo omwe. A gulu lowerenga nkhani amalemba nthanozo, ena n'kujambula, ndipo zimasanduka timabuku tatsopano ta Chichewa ta chaka chamawa. Masiku ena chipinda chimaperekedwa kwa amayi a banki m'khonde, kwa alangizi a zaumoyo, kapena kwa achinyamata ofuna kuphunzira kulemba kalata yofunsira ntchito. Zodalira magetsi, monga kanema, ndimaziika ngati zongowonjezera, chifukwa magetsi akazima muyenera kukhala ndi china m'manja.

Sabata yomaliza mwana aliyense amabwereranso pa pepala lija la mphindi zisanu, ndipo zotsatira zake zimalembedwa pambali pa zoyamba. Tsiku lotsekera ndimayesetsa kuti liyandikire 8 September, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga pa dziko lonse, bola sukulu zikhale zisanatsegulidwe. Amfumu ndi makolo amaitanidwa, ndipo mwana aliyense amawerenga chimene angathe, wina ndime, wina mawu asanu. Zotsatira ndimaziika mu envulopu n'kukapereka kwa aphunzitsi aakulu sabata yoyamba ya teremu, pamodzi ndi mabuku awo monga mwa mndandanda umene tinasainirana, ndipo mayina a ana amene amaoneka kuti saona kapena samva bwino ndimawalemba padera. Mabuku athu timawawerenga, kuwapukuta fumbi, n'kuwabwezera m'mashelefu otalikirana pang'ono ndi khoma, miyendo yake itakwezedwa pa njerwa, kuti chiswe ndi chinyezi cha mvula ya November zisawapeze.