Ana akamawerengerana zimangirizo za mtsutso

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake, kalasi yanga ya Chingerezi ya giredi 11 kuno ku Chipata imadzaza mpaka ana kukhala atatu pa desiki imodzi. Kuchonga zimangirizo zonsezo sabata iliyonse n'kosatheka, ndipo ndivomere kuti ndinayamba kuwasinthanitsa makope chifukwa cha kutopa, osati chifukwa cha luso lililonse la kaphunzitsidwe.

Mutu woyamba unali wokhudza lamulo la 1997 lolola atsikana amene atenga mimba kubwerera kusukulu akabereka: kodi ndi loyenera kapena ayi? Nkhaniyi ana amaidziwa bwino, popeza ambiri ali ndi mbale kapena mnansi amene inamugwera. Nditatolera makope ndinapeza kuti mwana aliyense wachonga monga ndimachongera ine. Anazunguliza "he" pamene panayenera "she", cholakwa chosadabwitsa kwa munthu amene chinenero chake chili ndi "iye" mmodzi yekha. Anakonza "l" ndi "r" zosinthana. Kenaka pansi analemba kuti "good work". Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati mfundo za mnzake zinali zogwira mtima. Sindinawadzudzule, chifukwa cholembera changa chofiira ndicho chinawaphunzitsa kuti kukonza chimangirizo ndi kusaka zilembo.

Palinso nkhani ya ulemu. Mwana woleredwa kuti asachititse mnzake manyazi savutika kunena kuti apa waiwala mpumiro, koma kunena kuti mfundo zako n'zopanda mutu amakuona ngati chipongwe, makamaka kwa munthu amene amayenda naye limodzi m'mawa uliwonse kuchokera ku Mchini kapena ku Navutika.

Sabata yotsatira ndinalamula kuti zolembera zikhale m'zikwama. Wowerenga awerenge kawiri, atseke kope, ndiyeno auze mwini wake m'Chinyanja mbali imene waima ndi chifukwa chake chachikulu. Aphunzitsi anzanga ena sakondwa kumva Chinyanja m'kalasi ya Chingerezi, ndipo nkhawa yawo ndimaimvetsa, pakuti chimangirizo cha mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, chimalembedwa m'Chingerezi chokha. Komabe ndaona kuti mwana amatha kubisala kumbuyo kwa "moreover" ndi "furthermore" tsamba lathunthu osanena kanthu, pamene mnzake akayesa kubwereza zomwezo m'chinenero cha kunyumba, kusowa kwa mfundo kumaonekera poyera.

Tsikulo ndinamva mtsikana wina akuuza mnyamata amene anakhala naye kuti, "Iwe, ndime yako yoyamba ikuti abwerere, koma yachitatu ikuti adzawononga anzawo. Kodi uli mbali iti?" Mnyamatayo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Aphunzitsi, sindinafune kukhumudwitsa aliyense." Kope lake ndinali nditalichonga kangapo m'mbuyomo, koma vuto limeneli sindinaligwirepo, chifukwa ziganizo zake zimakhala zosalala ndipo ine ndimawerenga mothamanga.

Gawo lachiwiri ndinalitengera pabwalo la milandu la kumudzi, pamene mfumu sigamula isanamve mbali zonse ziwiri. Wowerenga amasanduka wotsutsa: amapereka mfundo imodzi yamphamvu yolimbana ndi ya wolemba, ndipo wolembayo amayenera kuiyankha m'ndime yatsopano. Ana amamasuka akadziwa kuti kutsutsako ndi ntchito imene awapatsa aphunzitsi, osati chidani. Zilembo ndi zizindikiro za m'kalembedwe zimabwera pamapeto, ngati mphindi 80 za mapiriyodi awiri zisanathe.

Sikuti zonse zimayenda bwino. Ana awiri ofooka akakhala pamodzi amangovomerezana, ndipo wakuthwa akakhala ndi wofooka amamulembera chimangirizo chonse, kotero tsopano ndimasankha ndekha amene akhale ndi yani, ngakhale amang'ung'udza. Makope ndimawachongabe, koma amafika kwa ine atadutsa kale pa munthu amene anafunsa mafunso.

Mnyamata uja analembanso chimangirizo chake. Anaima kumbali yakuti atsikana abwerere kusukulu, ndipo nkhawa ya makolo imene poyamba inali kumenyana ndi mfundo yake anaiika m'ndime yakeyake, n'kuiyankha. Mawu a "he" ndi "she" anali akadasokonekerabe m'malo anayi, ndipo amenewo ndinawazunguliza ndekha ndi cholembera chofiira.