Sabata yomwe tinasaka nyenyezi yosaoneka

Ndimaphunzitsa History pasukulu ina yasekondale m'boma la Kasungu, ndipo sabata yapitayi ndinafika pamutu wa maulendo a Apwitikizi panyanja. Mwezi wa Malichi kuno ndi wa fodya. Ana ambiri amabwera m'kalasi atasoka kale masamba m'chigafa mbandakucha, manja ali bii ndi utomoni, ndiye ukangoyamba kuwerenga mayina a Bartolomeu Dias ndi Vasco da Gama, mitu imayamba kugwa.

Lolemba ndinalakwitsa ndekha. Tinapanga quadrant ndi katoni, ulusi ndi kamwala: umadula katoni ngati chigawo chimodzi mwa zinayi cha mbale, kulemba madigiri kuyambira 0 mpaka 90, n'kumangirira kamwala kolendewera pakona. Ndinawafotokozera kuti amalinyero ankaloza chipangizochi ku nyenyezi ya kumpoto, Polaris, ndipo pomwe ulusi wagwera ndi pomwe pankawauza latitude yawo, kutanthauza madigiri osonyeza kutalikirana kwawo ndi equator. Kenaka, mopanda kuganiza, ndinawauza kuti akayesere usiku kwawo.

Lachiwiri m'mawa mtsikana wina wokhala kutsogolo anakweza dzanja. "Sala, ine ndi achimwene anga tayang'ana mpaka khosi kupweteka. Nyenyezi yanuyo kulibe."

Ankanena zoona. Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kum'mwera kwa equator, ndipo Polaris kuno imakhala pansi pa chizimezime. Manyazi anandigwira, koma ndinazindikiranso kuti mwanayu wandipatsa phunziro lonse la sabatayo. Vuto lake ndi lomwe Apwitikizi anakumana nalo m'zaka za m'ma 1470 pomwe ankatsika gombe la kumadzulo kwa Africa: nyenyezi yomwe ankaidalira inkatsikatsika usiku ndi usiku mpaka inamira m'nyanja. Anayenera kutembenukira ku dzuwa. Ankayeza kutalika kwake masana ndi astrolabe, chipangizo chozungulira chokhala ndi madigiri, n'kuyang'ana m'matebulo osonyeza pomwe dzuwa lili tsiku lililonse pachaka. Matebulo a Abraham Zacuto anasindikizidwa ku Leiria, m'dziko la Portugal, mu 1496, ndipo chaka chotsatira da Gama ananyamuka ku Lisbon ndi zombo zinayi. Atafika ku St Helena Bay, ku South Africa wa lero, anatsikira kumtunda kukayeza dzuwa, chifukwa m'chombo chogwedezeka ndi mafunde muyeso sukhazikika.

Lachitatu kunali mvula tsiku lonse. Tinakhala m'kalasi, ndipo ndinafunsa funso lomwe mabuku athu amalidutsa mothamanga: ndani ankalipira zonsezi? Kampasi, mapu ndi zombo za caravel sizinali zotsika mtengo, ndipo palibe mfumu inkatumiza anthu kukafa ndi matenda a scurvy pofuna kungoona dziko. Ankafuna golide, komanso tsabola ndi zokometsera zina za ku India, zomwe da Gama anazipeza ku Calicut mu Meyi 1498 atadutsa pa chilumba cha Mozambique, Mombasa ndi Malindi. Koma mbewu yomwe inasintha kwambiri miyoyo ya anthu akuda ndi nzimbe. Anazibzala ku Madeira, kenaka ku São Tomé, pambuyo pake ku Brazil, ndipo Columbus anatenga zina kupita nazo ku chilumba cha Hispaniola, ku Caribbean, mu 1493. Nzimbe ikadulidwa iyenera kufinyidwa msanga isanawonongeke, motero munda ndi chigayo zimafuna manja ochuluka usana ndi usiku. Manjawo anali a akapolo ogwidwa ku Africa, onyamulidwa ndi zombo zomwe zinkapeza njira ndi zipangizo zomwe tinapanga Lolemba zija.

Nditatchula fodya, kalasi yonse inadzuka. Ndinati ndi mbewu ya ku America, monganso chimanga, chinangwa ndi mtedza, ndipo John Rolfe anayamba kumulima kuti azigulitsa ku Virginia mu 1612. Mnyamata wina kumbuyo anakana kwamtuwagalu. Fodya mwina, iye anati, koma chimanga ayi, agogo ake a agogo ake ankadya nsima. Ndinamuuza kuti nsima inalipo ndithu, ya mapira ndi mawere. Sanakhutire, ndipo sindinamukakamize. Mnzake anafunsa ngati alimi a ku Virginia nawonso ankadikira wogula kuti awauze mtengo wa belo. Ndinaseka, poti wogula wamkulu anali ku London, kutsidya kwa nyanja.

Lachinayi linathera kuchonga mayeso a Fomu 2 ndi msonkhano wa aphunzitsi.

Lachisanu kunacha bwino. Tinatuluka pabwalo la mpira 12 koloko isanakwane. Ndinawaletsa kuyang'ana dzuwa ndi maso, m'malo mwake tinamata kapaipi ka bolopeni m'mphepete mwa katoni, n'kumapendeketsa mpaka kuwala kudutse m'kapaipiko kugwere pachikhatho. Popeza tinali pafupi ndi pa 21 Malichi, pomwe dzuwa limakhala pamwamba penipeni pa equator, masamu ake ndi ophweka: 90 kuchotsa muyeso wako, yankho lake ndiye latitude yako. Gulu lina linapeza 76, lina 79, lina 70 chifukwa mphepo inkakankha ulusi. Ndinawauza kuti kuphonya ndi digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye a 70 aja anatisiya kutali kum'mwera, kupitirira Beira.

Gulu la mtsikana uja linapeza 77. Anawerengera pamchenga ndi chala, n'kulemba 13. Katoni yake sanabweze, akuti akufuna akawaonetse achimwene ake.